Wadziwa bwanji? Funso lomwe lingasinthe phunziro la masamu

Mphunzitsi aliyense amene adagwirapo choko m'Sitandade 3 amaidziwa samu iyi pamodzi ndi yankho lake lolakwika. Akalemba pabolodi kuti 50 kuchotsapo 38, m'makope ambiri mumatuluka 28. Mwana amene walemba 28 sadachite ulesi, ndipo nambalayo sadailote. Watsata lamulo lomwe adalimva kalekale, lakuti nambala yaing'ono ndiyo imachotsedwa ku yaikulu. Wayang'ana 0 ndi 8, wapeza 8. Wayang'ana 5 ndi 3, wapeza 2. Watseka kope, wapereka.

Mwana yemweyo, Loweruka lake, angapezeke akuthandiza mayi ake kugulitsa mpunga pamsika wa Nsanama m'boma la Machinga. Wogula akatenga katundu wa K3,800 n'kupereka K5,000, mwanayo sabweza K2,800. Amawerenga chamumtima kuti K200 ikwanitsa K4,000, ndipo K1,000 ina ifikitsa pa K5,000, kotero chenji ndi K1,200. Atati alakwitse, angazindikire msanga, chifukwa akudziwa kuti madzulo mayi ake awerenga ndalama.

Samu ndi imodzimodzi, mutu ndi womwewo. Chasiyana n'chakuti pamsika mwanayo amadzifunsa ngati yankho lake likumveka, pomwe m'kalasi adazolowera kuti woweruza yankho ndi cholembera chofiira cha aphunzitsi. Chizolowezi chodzifunsa chotere ndicho akatswiri a maphunziro amati chiyenera kulowa m'phunziro la masamu kuyambira m'makalasi oyambirira.

Kubwerera pa zomwe wachita

Nkhaniyi si yatsopano. Katswiri wa maphunziro wa ku America, John Dewey, adalemba mu 1910 m'buku lake lotchedwa How We Think kuti kuganiza kwenikweni kumayamba pamene munthu wakumana ndi chomuzunguza, n'kuima kaye kuti afufuze maziko a chimene akukhulupirira asanachivomereze. Mu 1945 katswiri wa masamu wochokera ku Hungary, George Pólya, adatulutsa buku la How to Solve It momwe adayala masitepe anayi othetsera samu: kumvetsa funso, kukonza njira, kuitsata njirayo, ndipo pomaliza kucheuka n'kuunika zomwe zachitika.

M'makalasi ambiri a pulayimale masitepe awiri oyamba amachita ndi mphunzitsi, lachitatu amachita ndi mwana, pomwe lachinayi silichitika n'komwe. Belu likalira, yankho lolondola lalandira chongi, lolakwika lalandira mtanda, ndipo mawa kukubwera mutu wina.

Sitepe lachinayilo lili ndi mafunso ake, ndipo ndi osavuta. Kodi yankho ili lingatheke? Ndadutsa njira iti kuti ndifike pamenepa? Kodi pali njira ina yofikira pomwepa? Ngati ndalakwa, ndapatukira pati? Mwana wa 28 uja atafunsidwa kuti abwezere 38 yomwe adachotsa, angapeze 66, nambala yoposa 50 yomwe adayamba nayo. Apo safunikanso womuuza kuti walakwa. Waona yekha, ndipo chimene munthu wadzionera sichichedwa kukhazikika.

Kukula kwa vuto

Kafukufuku wa Multiple Indicator Cluster Survey yemwe ofesi ya National Statistical Office idachita mu 2019 ndi 2020 adapeza kuti mwa ana 100 aliwonse a zaka 7 mpaka 14 m'dziko muno, pafupifupi 13 okha ndiwo adali ndi luso loyambira la masamu, monga kuwerenga manambala, kuzindikira yaikulu mwa nambala ziwiri, kuphatikiza ndi kupeza nambala yosowa pamndandanda. Mayeso a bungwe la SACMEQ, omwe amayerekeza ana a Sitandade 6 m'maiko a kummwera ndi kuvuma kwa Africa, adaika Malawi m'gulu la maiko a kumunsi kwenikweni pa masamu mu 2000 komanso mu 2007.

Zifukwa zake n'zambiri ndipo zina n'zodziwika: kuchepa kwa aphunzitsi, mabuku ndi zipinda zophunziriramo, njala ndi kujomba. Koma pali chifukwa china chomwe chimapezeka ngakhale m'maiko olemera. Cha m'ma 1980 ofufuza a mumzinda wa Grenoble ku France adafunsa ana a pulayimale funso ili: m'ngalawa muli nkhosa 26 ndi mbuzi 10, kodi woyendetsa ngalawayo ali ndi zaka zingati? Ambiri mwa anawo adapereka yankho la nambala, ndipo lofala lidali 36. Anawo adali ataphunzira kuti pa phunziro la masamu funso lililonse lili ndi yankho, ndipo yankholo limapezeka pophatikiza kapena kuchotsera manambala omwe ali patsogolo pako.

Ku Recife m'dziko la Brazil, ofufuza Terezinha Nunes Carraher, David Carraher ndi Analúcia Schliemann adatsatira ana ogulitsa malonda m'misewu. Lipoti lawo la 1985 lidaonetsa kuti anawo ankakhoza pafupifupi masamu onse pamene akugulitsa, koma masamu omwewo atalembedwa papepala monga a kusukulu adalephera oposa theka. Zomwe zidaoneka ku Recife n'zomwe aliyense angazione pakati pa benchi la pamsika wa Nsanama ndi kope la kusukulu.

Momwe kuloweza kudazikira mizu

Pamene boma la Bakili Muluzi, yemwe kwawo ndi ku Machinga komweko, lidayambitsa maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ophunzira chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Khomo la sukulu lidatsegukira ana omwe makolo awo sakadakwanitsa fizi, koma aphunzitsi zikwizikwi adalembedwa ntchito asanapite kukoleji, ndipo makalasi adadzaza mpaka pansi pa mitengo. Mpaka lero cholinga cha boma choti mphunzitsi mmodzi aziyang'anira ana 60 sichidafikiridwe m'sukulu zambiri za kumudzi, ndipo m'makalasi oyambirira si zachilendo kupeza ana oposa 100.

Mphunzitsi amene wayang'anizana ndi khamu lotere kwa mphindi 30 kapena 35 amagwiritsa ntchito njira yomwe imasunga bata. Amalemba chitsanzo, amatchula masitepe, ana onse amabwereza pamodzi, kenako amafunsa ngati amva. Yankho limabwera ngati bingu: "Eee!" M'kwaya yoteroyo mwana amene wasokera amangotsegula pakamwa limodzi ndi anzake, ndipo palibe amene angadziwe kuti wasokera, ngakhale iye mwini.

Chilankhulo chimaonjezera mtolo. M'madera a Nsanama, Ntaja ndi mbali zina za Machinga ndi Balaka ana ambiri amakula akulankhula Chiyao, ena Chilomwe. Kwa zaka zambiri masamu a Sitandade 1 mpaka 4 akhala akuphunzitsidwa m'Chichewa, kenako m'Chingerezi kuyambira Sitandade 5, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 lidatchula Chingerezi kukhala chilankhulo chophunzitsira. Mayeso a Sitandade 8 a bungwe la MANEB amalembedwa m'Chingerezi, kupatula phunziro la Chichewa. Mwana amene sangathe kufotokoza maganizo ake m'chilankhulo cha m'kalasi amapeza pothawira: amaloweza mawu ochepa omuuza chochita. Akaona "altogether" amaphatikiza, akaona "left" amachotsera. Njirayi imamupulumutsa pa mafunso ambiri, koma imamusiya m'ngalawa muja ya nkhosa ndi mbuzi.

Zomwe mphunzitsi angachite mawa lomwe

Chinthu choyamba ndi funso la mawu awiri: wadziwa bwanji? Mphamvu yake imadalira nthawi yomwe lafunsidwa. Ana ambiri adazolowera kuti mphunzitsi akafunsanso ndiye kuti yankho ndi lolakwika, ndipo amalisintha nthawi yomweyo. Funsoli liyenera kufunsidwa pa yankho lolondola komanso lolakwika, ndi nkhope imodzimodzi, mpaka ana azolowere kuti yankho lililonse limayenda ndi chifukwa chake. Mwana akaloledwa kufotokoza m'Chiyao kapena m'Chichewa, kenako n'kuthandizidwa kunena zomwezo m'Chingerezi, mphunzitsi amamva zomwe zili m'mutu mwake.

Chachiwiri ndi kudikira. Wofufuza wa ku America, Mary Budd Rowe, adapeza m'zaka za m'ma 1970 kuti aphunzitsi ambiri amadikira pafupifupi sekondi imodzi akafunsa funso, ndipo akatalikitsa nthawiyo kufika masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho amatalika ndipo ana ambiri amayesa kuyankha. M'kalasi la ana 100 sekondi imodzi imakwanira ana asanu a kutsogolo okha, omwe manja awo amakhala m'mwamba nthawi zonse. Mphunzitsi akalamula kuti aliyense aganize kaye payekha, kenako auze mnzake wakhala naye pafupi, kalasi lonse limalankhula masamu nthawi imodzi popanda kusuntha aliyense pamalo pake.

Chachitatu ndi kuyerekeza yankho samu isanayambe. Ana asanalembe 27 kuphatikiza 15, mphunzitsi angafunse ngati yankho lipitirire 30, ngati lipitirire 50, kapena ngati lifike 100. Mwana amene wavomera kuti yankho lili pakati pa 40 ndi 50 sangakhutire ndi 312, yankho lomwe limabwera pamene 7 ndi 5 zapereka 12 ndipo 12 yonseyo yalembedwa pambali pa 3. Pa Sitandade 5 ndi 6 njira yomweyi imagwira ntchito pa mafulakishoni. Ana ambiri amalemba kuti 1/2 kuphatikiza 1/3 ndi 2/5. Koma munthu amene ali ndi theka la thumba la chimanga, wina n'kumuonjezera, sangatsale ndi chimanga chosakwana theka. Mwana akajambula thumbalo n'kuona kuti 2/5 ndi yochepera theka, amafuna yekha kudziwa njira yolondola, ndipo phunziro limagwera m'nthaka yofewa kale.

Chachinayi ndi kulisandutsa yankho lolakwika kukhala phunziro. Mphunzitsi angalembe 28 uja pabolodi osatchula mwini wake, n'kufunsa kalasi kuti amene adapeza yankholi ankaganiza chiyani, ndi pati pomwe adachita bwino, nanga adapatukira pati. Apa mitolo ya timitengo imathandiza. Mitolo isanu ya timitengo khumikhumi ikaikidwa patebulo, ana amaona kuti kuchotsa timitengo 8 n'kosatheka pokhapokha mtolo umodzi utamasulidwa. Chimene buku limatcha kubwereka chimaoneka ndi maso: teni imodzi yasanduka mawani khumi. Timitengo, timiyala ndi zitsekerero za mabotolo sizigulidwa, ndipo aphunzitsi a m'dziko muno amaidziwa kale njira yogwiritsa ntchito zipangizo zopezeka m'dera, yomwe imatchedwa TALULAR. Chofunika n'chakuti kalasi lisaseke wolakwa. Mwana amene adasekedwapo kamodzi amaphunzira kubisa kope lake, ndipo kulakwitsa kobisika kumakula naye mpaka Sitandade 8.

Chachisanu ndi kupempha njira yachiwiri. Pa 50 kuchotsapo 38, wina amasula mtolo, wina awerenga chokwera monga wa pamsika uja, wina achotsa 40 kenako n'kubwezera 2. Njira zitatuzi zikalembedwa moyandikana, ana angakambirane kuti yachangu ndi iti, yosavuta kulakwitsa ndi iti, ndipo n'chifukwa chiyani zonse zikufika pa 12. Samu imodzi yoyendedwa katatu imaphunzitsa zambiri kuposa masamu khumi oyendedwa mwa njira imodzi yosamvetsetseka.

Pali mafunso ena omwe amakakamiza mwana kubwerera ku nkhani yomwe samu yachokera. Ana 130 akupita kukasewera mpira ku Liwonde, ndipo basi imodzi imanyamula ana 50. Pakufunika mabasi angati? Kugawa kumapereka 2 ndi kutsala 30, ndipo ana ambiri amaima pomwepo kapena kulemba 2. Amene wacheuka amaona ana 30 ataima m'mbali mwa msewu, ndipo amalemba 3. Ana angapemphedwenso kupeka okha nkhani yoyenera samu yomwe yalembedwa. Amene sangapeke nkhani ya 12 kugawa ndi 4 ndiye kuti tanthauzo la kugawa silinamufike, ngakhale atakhoza kulemba 3.

Pomaliza, mphindi zitatu za kumapeto zingasungidwe kuti ana anene chimene chawavuta lero ndi chimene achite mosiyana mawa. Ndipo m'malo modula mtanda pa samu iliyonse yolakwika, mphunzitsi angalembe pansi pa tsamba kuti mwa masamu asanuwa awiri ali ndi vuto, mwini kope awapeze. Ntchito yofufuza imabwerera kwa mwana, yemwe ndiye akuyenera kuiphunzira.

Chuma chomwe ana amabwera nacho

Sukulu siyamba pachabe. Mawerengedwe a Chichewa enieniwo ali ndi phunziro mkati mwake. Palibe liwu limodzi lotanthauza 6, 7, 8 kapena 9. Pali zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, zisanu ndi zitatu, zisanu ndi zinayi. Chiyao nachonso chimamanga motero: wowerenga akafika pa msano amayamba kuonjezera. Masiku ano ana ambiri amangodziwa sikisi, seveni ndi eyiti, koma mphunzitsi akawabwezera ku mayina akalewo, 8 kuphatikiza 7 imadzimasula yokha. Zisanu ndi zitatu zikakumana ndi zisanu ndi ziwiri, zisanu ziwirizo zimapanga khumi, zitatu ndi ziwiri zimapanga zisanu, ndipo yankho ndi khumi ndi zisanu. Mwana waona chifukwa chake, ndipo tsiku lomwe adzaiwale yankho adzatha kulimanganso.

Bawo, yemwe amaseweredwa pansi pa mitengo ndi m'makhonde a masitolo m'Machinga ndi Balaka monse, ndi sukulu ina ya kulingalira. Pa maenje 32, oyalidwa m'mizere inayi, ndi njere 64, katswiri sagwira njere asanawerenge komwe yomaliza ikagwere ndi zomwe mnzake adzachite pambuyo pake. Masewero akatha, oonerera amabwereza zomwe zachitika, kusonyeza dzenje lomwe wogonja adalakwitsira. Kumeneko ndiye kucheuka kwa Pólya, kochitika popanda bolodi. Mwana amene adakulira pambali pa bawo amadziwa kale kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Chimene sadziwa n'chakuti kudekha komweko n'kololedwa pa phunziro la masamu.

Mphunzitsi naye ayenera kucheuka

Mphunzitsi amene adaphunzira masamu poloweza amavutika kuphunzitsa mwa njira ina. Amaopa funso lomwe sangaliyankhe, ndipo njira yachilendo ya mwana amaikana msanga chifukwa sili m'buku lake. N'chifukwa chake kusintha kwenikweni kumayambira m'makoleji a aphunzitsi, monga ya Machinga, komanso ku Malawi Institute of Education ku Domasi komwe silabasi ndi mabuku a pulayimale amakonzedwa.

Maphunziro a aphunzitsi a pulayimale adakonzedwanso mu 2017 kotero kuti wophunzira amakhala matemu awiri kukoleji, matemu awiri akuphunzitsa pasukulu, kenako n'kubwerera kukoleji matemu ena awiri kukaunika zomwe adakumana nazo. Yunivesite ya Malawi, mogwirizana ndi yunivesite ya Stavanger ya ku Norway, idagwirapo ntchito ndi aphunzitsi a masamu a m'makoleji amenewa pa njira yochokera ku Japan yotchedwa lesson study, ndipo mmodzi mwa otsogolera ntchitoyo adali Pulofesa Mercy Kazima. Pa njirayi aphunzitsi angapo amakonza phunziro limodzi, mmodzi amaliphunzitsa anzake akuyang'ana zomwe ana akuchita, kenako onse amakhala pansi kukambirana pomwe ana amvetsa ndi pomwe asokera. Dziko la Zambia lidayamba kuigwiritsa ntchito m'sukulu zake mu 2005 mothandizidwa ndi bungwe la JICA. Njirayi siifuna galimoto kapena alawansi. Aphunzitsi atatu a sukulu imodzi angaichite, ndipo alangizi a maphunziro a m'mazoni angailimbikitse pa misonkhano ya ku TDC.

M'zaka zaposachedwa unduna wa zamaphunziro, mothandizidwa ndi boma la Britain kudzera mu National Numeracy Programme, udakonzanso masamu a Sitandade 1 mpaka 4, n'kubweretsa mabuku oti mwana azilembamo komanso kaphunzitsidwe kotsindika kumvetsa ndi kufotokoza. Kuyambira mu 2023 pulogalamu ya BEFIT yakhala ikupereka matabuleti ophunzirira kuwerenga ndi masamu m'sukulu za pulayimale. Zonsezi ndi zida zabwino. Koma tabuleti imauza mwana kuti wakhoza kapena walakwa, ndipo buku limamupatsa malo olembapo. Kumvetsera chifukwa chomwe mwana walembera 28 ndi ntchito yomwe yatsalabe m'manja mwa munthu.

Madandaulo omveka

Aphunzitsi ali ndi zifukwa zokayikira, ndipo si zopeka. Choyamba ndi nthawi. Silabasi ndi yaitali, mayeso ali ndi tsiku lake, ndipo sukulu imayamikiridwa kapena kunyozedwa malinga ndi ana omwe asankhidwa kupita kusekondale. Kukhala pa samu imodzi kwa mphindi khumi kumaoneka ngati kutaya nthawi. Komabe nthawi yomwe imapulumutsidwa pothamanga m'Sitandade 3 imalipidwa m'Sitandade 7 ndi 8, pamene mphunzitsi amapeza kuti ana omwe akuwaphunzitsa mapelesenti sadziwa kusiyana kwa 305 ndi 350. M'holo ya mayeso mulibe mphunzitsi woti afunsidwe. Mwana amene amatha kuyesa yankho lake ndi samu yotembenuza, kapena kutaya yankho losatheka, ali ndi chida chomwe woloweza alibe.

Dandaulo lachiwiri ndi lakuti kuloweza kuli ndi malo ake. Izi n'zoona. Mwana amene amawerenga zala pa 6 kuchulukitsa ndi 7 alibe mpata m'mutu woganizira funso lalikulu. Matebulo ayenera kulowezedwa. Koma amene waona kuti 6 kuchulukitsa ndi 7 ndi 5 kuchulukitsa ndi 7 kuonjezerapo 7 wina amaloweza msanga, ndipo akaiwala ali ndi pobwerera.

Lachitatu limakhudza ulemu. Ana amaleredwa kuti asatsutse wamkulu, ndipo ena amaopa kuti kalasi lomwe mwana amafunsa chifukwa lidzabala amwano. Koma makolo omwewo adasiya mwambi wakuti safunsa adadya phula. Aphunzitsi ena amalakwitsa dala pabolodi, atachenjezeratu kalasi kuti lero pakhala cholakwika chimodzi choti chigwidwe. Mwana amene wachigwira, n'kuimirira mwaulemu kufotokoza, sadanyoze aliyense. Njirayi imathandiza kwambiri atsikana ndi ana amanyazi, omwe kawirikawiri amadziwa yankho koma amadikira kuti wina alinene.

Gawo la makolo, ndi chomwe chili pachiswe

Kholo silifunika kudziwa masamu a Sitandade 6 kuti lithandize. Mayi amene sadapite patali ndi sukulu angathe kupempha mwana kuti amufotokozere momwe wapezera yankho, ndipo mwanayo pofotokoza amagwira yekha zolakwa zake. Bambo angamufunse mwana kuti ayerekeze mtengo wa katundu yense asanafike kwa wogulitsa. Makolo a m'tauni omwe amalipira sukulu zapulaiveti ndi maphunziro apadera a masana ayeneranso kusamala, pakuti kope lodzaza ndi machongi silitsimikiza kuti mwana wamvetsa. Funso la nkhosa ndi mbuzi lija lingayesedwe pakhomo paliponse madzulo ano.

Ana ambiri a ku Nsanama sadzakhala mainjiniya kapena owerengera ndalama m'mabanki, ndipo ochuluka safika n'komwe kusekondale. Koma onse adzakumana ndi manambala pamalo pomwe kulakwitsa kumapweteka. Mlimi wa nandolo adzaima patsogolo pa sikelo ya venda yomwe ikunena kuti thumba lodzaza, lomwe iye amalidziwa kuti limalemera makilogalamu 50, lalemera 38. Mayi wa banki m'khonde adzafunika kuona ngati gawo lake pakutha pa chaka likugwirizana ndi masheya omwe adaponya. Wokongola katapila adzauzidwa kuti K20,000 ya lero ikhala K30,000 pakutha pa mwezi, ndipo adzayenera kuzindikira kuti akachedwa miyezi itatu chiwongoladzanja chikuberekerana, ngongoleyo ipitirira K60,000. Kholo lidzapatsidwa mankhwala a mwana ndi malangizo a kamwedwe kake.

Pamalo onsewa sipakhala wolemba chongi kapena mtanda. Nambala imabwera kuchokera kwa munthu wina, nthawi zina wachilungamo, nthawi zina ayi, ndipo woilandira amatsala yekha ndi mphindi yochepa yoti aivomere kapena aikane. Amene adazolowera ali m'Sitandade 3 kubwezera 38 pa 28 n'kuona kuti sizikufika pa 50, adzapempha kuti thumba lija likwezedwenso pa sikelo ina.